Chibokosi ndi Kabokosi

Chibokosi changa chimalipira mpando wakewake m'minibasi.
Kondakitala wa ku Luchenza amachidziwa:
"Mayi akunyumba abweranso?"
Ndimaseka, msana ukulira.

Koma chikayankhula pa Chitakale usiku wa malipiro
mabotolo amanjenjemera pashelefu,
wothyola tiyi amaiwala dengu,
besi imamulowa m'nthiti
ngati chiperoni chodzera pansi pa chitseko.

Nakhumwa, mphwanga woimba ng'oma, akuti gulitsani.
Anandibweretsera kabokosi konga buledi,
ka batire, kolowa m'chikwama
pamodzi ndi malaya osinthira.
Ndinakayesa ku Limbuli magetsi atathima.
Sikanachite manyazi, kanaimba ndithu,
mawu oyera ngati madzi a Likhubula,
koma akumbuyo ankangocheza za mtengo wa nandolo.

Lero ndakhala pakati pa ziwirizi.
China chandidya msana zaka khumi ndi ziwiri,
china sichinandidziwebe zala.
Loweruka kuli ukwati ku Thekerani,
msewu wake mukuudziwa,
ndipo wakabaza waneneratu:
inu, gitala, chachitatu chikhale chopepuka.

Ndapukuta fumbi pachibokosi.
Sindinachiuze.