Ndinakwawa M'chipinda Chako

Fodya atagulidwa ku Chinkhoma
ndinabwera ndi ndalama m'sokosi
ndi funso limodzi m'mutu:
pansi pa chipinda chako tiikepo chiyani, Tinyade?
Unali utayamba kukhala wekha,
mutu ukukulemera ngati dzungu,
ndipo amako anati, "Mwezi wamawa akwawa uyu."

A Gwetsani, mmisiri wa ku Chankhanga,
anati matailosi basi,
monga anaika kwa aphunzitsi ena kuseri kwa phiri.
Ndinapita kukaona. Ndinadontheza timadzi, n'kuponda.
Chitseko ndicho chinandipulumutsa.
Ine wa ming'alu kuphazi, yogwira nthaka ngati khasu,
nanga iwe, wa zidendene ngati mbatata yosenda?

Pamsika mnyamata anatambasula kapeti wapulasitiki
wamaluwa ofiira, wotchipa.
Fungo lake linandiluma m'mphuno
ngati mankhwala opopera nazale.
Ndinakumbuka lilime lako
lolawa chilichonse: batani, kiyi wa njinga, chala changa chakuphazi.
Ndinati, pinda achimwene.

Waubweya uja ali naye mlamu wanga ku Santhe.
Fumbi la Okutobala limagona mmenemo,
utitiri umalereramo ana,
ndipo wawo wakhanda amatsokomola usiku
ngati wosuta chingambwe.

Amako anati tizire monga kwawo ku Chulu,
dothi lakuda la kudambo, lofewa pogwa mwana.
Sananame.
Koma ine ndimamvabe kulira kwa mng'ono wanga
akumuchotsa matekenya ndi phini,
ndipo chiswe sichipempha malo.

Tinakangana.
Anandipatsa msana masiku awiri.

Usiku wachitatu, nonse mutagona,
ndinayatsa tochi ya foni,
ndinagwada, zikhatho pansi,
ndinakwawa.
Bambo wandevu, wangongole ku kalabu ya feteleza,
kukwawa mumdima m'nyumba yake yomwe!
Kumeneko ndi dziko lina, mwana wanga.
Ndinapeza msomali wotsala pokhoma malata,
timibulu ta feteleza toyera ngati shuga,
mng'alu woti chala chako chilowe n'kukanirira,
nyerere zili pamzere kupita kumaliro a mphemvu,
ndi kamphepo kolowera kunsi kwa chitseko
komwe munthu woimirira sangakadziwe mpaka kufa.

Amako anandipeza choncho.
Sanaseke. Anamanga chitenje n'kugwada nawo.
"Apa pakukanda," anatero.
"Apanso," ndinatero.
Mkangano unathera pomwepo, pamawondo.

Tinagula simenti matumba atatu.
Ndinawauza a Gwetsani:
salazani, koma isawale ngati galasi,
polishi wofiira ayi, ngakhale alendo anene kuti ndife osauka.
Anapukusa mutu, koma anagwira.
Masiku asanu ndi awiri ndikuthirira pansi m'mawa ndi madzulo
ngati ndadzala china chake.

Pamwamba tinayala mkeka wamlaza, wolukana bwino,
ndinauyendetsa patsaya kufuna kobaya.
M'mbali amako anasokerera chitenje chakale,
chija anavala popita kusikelo ali ndi pakati pako.
Kunsi kwake bulangete lopinda pawiri
loletsa kuzizira kwa Juni kukwera m'mimba mwako.
Loweruka lililonse zonse zimatuluka kukaona dzuwa.

Lero wakwawa.
Bondo, dzanja, bondo, dovu pamkeka,
wagwa chammbali, mutu gu! pofewa,
wayang'ana ife, wapeza palibe chifukwa cholirira.
Ndinamva ngati belo langa lagulidwa pamtengo wapamwamba.

Kenaka unadutsa mkeka wonse,
simenti yanga yothiriridwa,
khomo lomwe ndinaiwala kutseka,
mpaka pakhonde, pomwe nkhuku zinapalasa m'mawa.
Unatapa dothi lodzadza kadzanja
n'kuliponya m'kamwa tisanafike.

Amako akusekabe mpaka pano,
akukutokosa m'kamwa ndi chala.
Ine ndili kunja ndi tepi ya a Gwetsani,
ndikuyeza khomo, ndikhome kachitseko kakafupi.
Bwalo lonse la Kasungu sindingaliyalire mkeka.