Mpata wa m'nyimbo yachisanu ndi chinayi

Anafika pa Chitakale mvula itangokata,
gitala atakulunga m'thumba la feteleza,
matope a ku Muloza atamufika m'mawondo.
"Ndine Mwahara. Ndikufuna chimbale cha Khirisimasi.
Ndalama ndi iyi, ya mbuzi ziwiri."

Situdiyo yanga ndi kachipinda kuseri kwa malo ometera,
makatoni a mazira m'makoma,
kompyuta yotsokomola magetsi akamabwera.
Ndinazolowera anyamata ofuna kumveka ngati a ku Joni.
Mkuluyu anangokhala pa kireti,
navula chipewa ngati walowa m'tchalitchi.

Nyimbo zisanu ndi ziwiri zinali za m'buku,
zija tonse tinayamwira kubere,
za abusa, nyenyezi ndi khola,
koma ankaziyimba mokoka
ngati munthu wokwera chitunda dengu la tiyi lili kumsana.
Zinazo anapeka yekha
pa zaka makumi awiri zolondera fakitale usiku.
Ina ya bonasi yothera m'buku la ngongole.
Ina ya mpunga ndi nkhuku za kamodzi pa chaka,
ana kukanganirana chipalapasiro.
Mwa iye Yosefe ndi Mariya anatsika minibasi pompano,
napeza maresiti onse adzaza,
mwana n'kubadwira m'shedi yoyezera masamba
kapitawo ali m'tulo.

Yachisanu ndi chinayi ndiyo inandivuta.
Akayimba mzere umodzi, zii.
Zala zikuyendabe pa nsambo, kukamwa kotseka.
Mzere wina, ziinso.
Ndinati, "Bambo, mipatayi ndidule?"
Anandiyang'ana ngati ndaponda mbande.
"Pamenepo ndi pa Felesiya.
Ine ndinkayamba, iye n'kuyankha.
Chitsikireni madzi m'phiri usiku uja
sanayankhebe. Usadule."

Mvula inayambanso, malata n'kusokosera,
phokoso lonse kulowa m'maikolofoni.
Ndinadzuka kuti ndiimitse.
"Isiye," anatero, "nayonso ndi ya Disembala."

Tinakopera makadi makumi atatu.
Anagula ndi akabaza, mayi wina wa mandasi,
ndi m'busa amene anadandaula za shedi ija
koma n'kutenga awiri.
Ndalama ya mbuzi imodzi yokha ndiyo inabwerera.

Pa twente-folo ndinakwera minibasi ya ku Limbuli,
anayi pa mpando, nkhuku pansi pa miyendo,
Sapitwa atafunda mitambo mpaka kumaso.
Dalaivala anaika khadi, ndinamva mawu aja,
ndi mvula ya padenga langa.
Itafika yachisanu ndi chinayi ndinawerama,
manyazi a mmisiri.
Mzere woyamba. Zii.
Mzere wachiwiri.
Kenaka kumbuyo, pakati pa matumba a zinanazi,
mayi wina, sindinamuone nkhope,
anayankha.
Anangobwereza mawu omwewo, pang'onopang'ono,
monga umayankhira munthu wogogoda usiku.
Kondakitala anasiya kuwerenga chenji.
Pofika pa Lujeri tinali oyankha asanu.

Ndinakamupeza mawa lake akupalira chimanga,
suti ya Khirisimasi atapachika pa mtengo wa peyala.
Ndinamufotokozera zonse.
Anatsamira khasu, nayang'ana kuphiri nthawi yaitali.
"Anayimba mawu okwera kapena otsika?"
Ndinati okwera.
"Ehe," anatero. "Ndiye sanalakwitse."
Nalavulira m'manja,
n'kupitiriza mzere wake.