Mapazi a Mwandida

Magetsi athimanso kuno ku Kawale.
Ndikuchonga ndi tochi ya foni, nditaitsamiritsa pakapu.
Pepala la makumi atatu ndi chimodzi: Mwandida Phulusa.
Funso lachisanu, la makwerero aja
otalika mamita 6.5, otsamira khoma pa madigiri 68.
Afika pati pakhomapo?

Iwe walemba kuti −5.84,
n'kujambula mizere iwiri kunsi kwake
ngati munthu wokhoma chitseko, kiyi n'kuponya m'thumba.
Pamwamba ponse mbee,
bwalo losesedwa m'mamawa, popanda ndi phazi la nkhuku lomwe.

Mwana iwe, makwerero ako alowa pansi.
Aboola simenti, apitirira mapaipi a Watabodi,
ali kumene kumagona nyerere.

Ndatulutsa kakyuleta yanga yothothoka batani la ziro,
ndayesa uku, ndayesa uku, tiyi mpaka kuzizira,
ndipo ndakupeza.
Unasankha saini, sunaphonye.
Unachulukitsa ndi 6.5, sunaphonye.
Koma kakyuleta unabwereka kwa mchimwene wako wa ku Bunda,
iye anaisiya pa marediyani,
ndipo inakuyankha m'chinenero chimene sunafunsire.

Zonsezi ndazidziwa ine, usiku uno, chifukwa ndimakudziwa,
umakhala kufupi ndi zenera losweka,
umatafuna chivindikiro cha bolopeni.
Wodzachonga mayeso enieniwo sadzakudziwa.
Adzakhala ndi mulu wofika m'chibwano,
msana ukuwawa, alawansi isanalowe.
Sadzaombeza ula.
Adzaona nambala ili yokhayokha ngati mwana wosochera mudepoti,
osatha kunena kwawo, osatha kutchula mayi ake.

Lekeleni, wokhala kumbuyo kwako, nayenso wagwa pafunso lomweli.
Chala chinaterereka, anadina 86.
Koma anajambula khoma lake lopindika,
analemba h pamwamba pa 6.5,
anasamutsa 6.5 kupita tsidya linalo ine ndikuona,
ndiye pamalikisi anayi ndamupatsa atatu.
Iwe ndakupatsa dzira.
Bolopeni yofiirayi inakana kaye, ndinachita kuikhutchumula.

Kakyuleta ndi kabaza wa njinga yamoto.
Ukamuuza kuti Chinsapo, ulendo wa ku Chinsapo,
ukalakwitsa n'kunena Chilinde, liwiro lake ndi lomwelo,
ndipo safunsa kuti kodi kumeneko muli nako abale.
Kwera, palibe wakuletsa.
Koma uzitiuza pamene wakwerera, pamene mwakhotera.

Suja unabadwira mumzinda uno,
mmene Eriya 18 imapatsana moni ndi 47,
pamene 25 ili kutali, njira ya ku Kanengo?
Nambala payokha sinafikitsepo mlendo pakhomo.
Timati: mukatsika pa filing'i siteshoni,
mudutse pogulitsa matabwa, mukhotere kumanzere pachigayo,
geti lobiriwira, galu ndi waukali.

Ndiye Lolemba udzachite chomwecho.
Fomyula iyambe yakhala pansi, isanavale manambala.
Kenako uiveke, imodziimodzi.
Chimene ukufuna kudina, cholembera chiyambe chanena.
Manambala a pagalasi uwakopere ndi mchira wawo wonse, 6.02669,
kudula mchira n'komalizira, pamzere wakewake,
ndipo usaiwale ka m, poti sitikuyeza matumba a makala.
Ukalakwitsa, mzere umodzi wokha pamwamba pake.
Usapake mpaka pepala kubooka,
nthawi zina chimene wataya ndicho chinali ndi malikisi.
Ukatero uyang'ane yankho m'maso, ulifunse:
kodi makwerero angalowe pansi?

Foni yatsala ndi maperesenti asanu ndi anayi.
Mapepala khumi ndi awiri akundidikira.
Pambali pa dzira lako ndalemba timalemba ting'onoting'ono:
Unali pafupi. Ndionetse pamene unadzera.

Kunja wina akukankha njinga ya makala m'matope,
ndipo ngakhale mumdima uno
tayala lake likulemba njira yonse kuchokera kumsewu.