Wakabaza wa pa Kamba

Ndimaimika njinga yamoto pansi pa chikwangwani chothima theka,
pa Kamba, pomwe utsi wa kanyenya ndi utsi wa chamba
zimapatsana moni ngati anthu a mpingo umodzi.
Ine sindimwa.
Ndimanyamula omwa.

Msana wangawu wamva zambiri kuposa abusa:
mpweya wowawasa, misozi yolowa m'kolala,
nyimbo zoduka pakati pa liwu,
ndi malonjezo akuti lero n'komaliza, aise, lero n'komaliza.

Wyson amagwira ntchito m'sitolo ya nsalu ku Limbe.
Malipiro ake amabadwa masana a Lachisanu,
tambala asanalire taika kale maliro.
Amagulira tebulo lonse kuti amutchule bwana,
liwu limene sabata yonse amalitchula ndi iye
maso ali pansi.

Sungeni amafika cha m'ma teni,
akununkhirabe sopo wa kunyumba kwa amake ku Chitawira.
Mabuku a kukoleji ali m'chikwama, pansi pa nsapato zovinira.
M'botolo lake la zoziziritsa kukhosi
muli mankhwala a chifuwa,
chonsecho sindinamumvepo akutsokomola.
Akuti amachedwetsa dziko.
Akuti dziko likuthamanga kwambiri
ndipo silikunena komwe likupita.

Usiku uja wa Juni, chiperoni chili mbuu,
anatuluka naye atamugwira uku ndi uku,
miyendo ili lendelende ngati zingwe za nsapato.
Wina anali atamuponyera kapiritsi m'tambula,
kapena anadziponyera yekha,
aliyense ankanena zake.
Anzake anayamba ajambula kaye pa foni.
Mkati nyimbo sinatsike n'pang'ono pomwe.

Mayi wa tchipisi ndiye anavula chitenje chake
n'kumumangirira kumsana kwanga ngati khanda.
Ndinatsetsereka naye mpaka ku Gulupu,
mutu wake ukugunda phewa langa pa bampu iliyonse,
ine n'kumati, Sungeni, tchula dzina la amako,
Sungeni, ndilipire kaye ya sabata yatha ija,
usapite ndi ngongole yanga.
Namwino anandifunsa kuti ndine ndani wake.
Ndinayang'ana chipewa changa.

Anadzuka. Amake anabwera ndi phala m'fulasiki,
osalankhula, akungomupukuta zala chimodzichimodzi.
Patatha masabata atatu ndinamva kumbuyo kwanga:
"Bulaza, pa Kamba zingati?"
Mtengo ankaudziwa.
Inenso njira ndinkaidziwa.

Ndisaname, poti ndayamba kale kunena.
Pali mkulu wina ku Ndirande, wa mano agolide,
amandipatsa timaphukusi tokulunga m'nyuzipepala
toti ndikasiye kwa mlonda wa pakhomo lakuseri.
Sindifunsa. Mafuta anakwera, lendi sadikira,
mwininjinga amafuna zake m'mawa uliwonse.
Ndimabweretsa moto madzulo,
m'bandakucha n'kudzanyamula opsa,
ndipo konse kuwiri ndimalandira.

Faifi koloko, phiri la Soche layamba kuoneka.
Akhwangwala akulimbirana mafupa pakati pa zitsekerero za mabotolo.
Wyson wagona chotsamira tayala la galimoto ya eni,
nsapato imodzi palibe,
m'thumba mwatsala lisiti ndi machesi.
Amayi a ku Manja akudutsa ndi madengu a masamba,
akumulambalala monga amachitira ndi chithaphwi.

Kunyumba ku Zingwangwa ndimachapa jekete pampopi,
fungo la usiku silimva sopo.
Ndaziona, mwana wanga woyamba, wavala kale yunifolomu,
ali Fomu 3, msinkhu watsala pang'ono kundipitirira.
Akukwera, akundigwira m'chiuno
pomwe pankagwira Sungeni,
akuti, "Adadi, kodi usiku m'tauni mumakoma?"

Ndikuliza injini mwamphamvu
ngati sindinamve.