Masamba Anayi Omaliza

Loweruka lililonse pa Lizulu
ndimayala mabuku anga pa chiguduli,
pakati pa mayi wa kabichi ndi mnyamata wa machaja a foni,
miyala inayi m'makona kuopa mphepo ya Juni
yomwe imaoloka msewu kuchokera ku Mozambiki yopanda chiphaso.

Makasitomala osaphonya ndili nawo awiri.

A Mlongoti anali kalaliki wa khoti pa boma la Ntcheu
mpaka tsitsi linayera.
Jekete lawo lili ndi mabatani osiyana mitundu,
buku amayamba alinunkhiza ngati nyama yogona.
"Mwanawe, ndipatse lija wakuba amamanga nyumba ya malata,
mboni n'kudya chibanzi,
wolungama n'kukalambira pa benchi akudikira fayilo yake.
Zinazi ndi shuga wonyengerera ana phala.
Ine ndaona munthu akulumbira atagwira Baibulo
ndi dzanja lomwe linasuntha malire a munda wa mlongo wake."

Mayi Nangozo ndi mzamba.
Amafika dzuwa litapendeka, maso ali psuu, sanagone,
chala chimathamangira kumapeto kwa buku.
Akapezako maliro amalibweza pansi mwakachetechete.
"Imfa ndimaiona Lachiwiri, ndimaiona Lachinayi,
magetsi atazima, foni ndailuma kuti indiunikire.
Ndiye ndiigulenso ndi ndalama zanga?
Ndipatse lija mwamuna wopita ku Joni amabwerera,
kaya chimanjamanja,
bola abwerere."

Mwezi watha ndinatola buku lopanda chikuto
m'katoni ya mphunzitsi wina wosamuka,
nkhani ya mtsikana wodikira kalata pa positi ofesi.
Masamba anayi omaliza kulibe.
Kaya wina anakulungira tchipisi, kaya anapichirira fodya,
kaya chiswe chinafuna kudziwa mathero chisanafe.
Ndinati silogulitsa ili, wobwereka asiye handiredi.

Anayamba a Mlongoti. Anabweza ali ndwii, koma okhuta:
"Kalatayo siidzabwera.
Wolembayu ndi munthu wamkulu, dziko amalidziwa."
Anatenga Mayi Nangozo, n'kubweza mano ali mbee:
"Kalata ili m'njira.
Simunamuone wapositi uja pa tsamba sikisite
akufufuza m'thumba kachiwiri?"

Anakumana pa chiguduli changa tsiku la chiperoni,
nkhungu itameza mapiri onse.
"Inu mayi mumawerenga ndi misozi, zilembo zimasambira."
"Inu bambo mumawerenga ndi ndulu,
ngakhale kalendala mungaipeze ndi mlandu."
Woitanira minibasi anasiya kukuwa Balaka, Balaka.
Wa kabichi anati kalata ibwera ndithu, Mulungu si munthu.
Wa machaja anati mtsikanayo angogula foni basi.
Onse anatembenukira kwa ine.
Ine ndinawerama, n'kumakonza mwala umene unali bwinobwino.
Wamalonda sasankha m'kamwa mwa wogula,
wa tsabola ndi wa nzimbe ndalama yawo ndi imodzi.

Madzulo ndikulongedza ndinalitsegula.
Tsamba lotsala kumapeto lili ndi kampata koyera m'munsi,
ndipo pamenepo, ndi bolopeni ya buluu,
zilembo zoima chilili ngati za m'kaundula wa milandu:
Akayesenso Lolemba. Mwina.

Pansi pake, ndi inki yofiira ya ku chipatala,
zilembo zothamanga, zopendekera kumanja:
Zina sizibwera. Ndikudziwa ine.

Ndinakhala pa katoni mpaka lole ya mbatatesi inanyamuka,
zala zitauma ndi chisanu.
Bukulo ndinapita nalo kunyumba,
lili pa windo, pansi pa botolo la mafuta a nyale.

Loweruka lino abweranso onse, nthawi zosiyana.
A Mlongoti afunsa lowawa.
Mayi Nangozo atsegula kumapeto, apeza ukwati, alipira.
Za kalata palibe wafunsa,
ndipo handiredi ya a Mlongoti ija sanandipatsebe.