Mchere Suuluka

Evaristo atasiya kuyendetsa sitima ya malasha
anabwera ndi chikwama chimodzi, bondo lotupa,
ndi nyanja ya ku Nacala ili m'maso.
Anati, Filomena, ndikufuna kuimanga pabalaza.
Ndinati, ku Moatize kuno,
kumene ngakhale mthunzi umatuluka thukuta?

Magalasi anadula Damiyao wa ku Matundo,
anawoloka nawo Revubue atawakulunga m'mabulangete anga.
Silikoni inanunkha ngati viniga masiku atatu.
Kabati inkapendekera kukhomo;
anaponderetsa makobidi awiri pansi pa mwendo
mpaka madzi a m'botolo anagona chogona.

Tanki ya pamwamba ndi ya alendo.
Ya pansi, yobisika m'kabati, ndiyo ndinafunsa:
nanga iyi yopanda nsomba ndi yachiyani?
Anati ndi mimba yake.
Madzi atsike ndi paipi, adutse m'thonje,
azungulire miyala, asiye thovu lofiirira m'kapu,
pampu iwakankhe abwerere kumwamba
ngati sanadepo.
Koma usaidzaze, anatero, akulemba mzere wakuda pagalasi.
Magetsi akazima, za pamwamba zimatsikira kuno.
Wapansi azikhala ndi malo.

Ndinamuyang'ana.
Zaka makumi awiri ndi zitatu, iye panjanji,
ine ndi ana anayi ndi ngongole ya kugolosale.
Sanamve zimene anali atanena.

Mchere si wa pamsika ayi.
Unachokera ku Beira m'chidebe chomata,
mtengo wake mbuzi yabere.
Tinautakasa usiku wonse, madzi ali mbuu,
m'mawa ali mbee.
Kenaka kudikira. Masabata asanu ndi limodzi
miyala yokhayokha pansi pa nyali ya buluu.
Dona Lukiresiya anasuzumira pazenera:
Achimwene, mwayamba kuweta miyala?
Iye ankangodontheza mankhwala m'kabotolo,
kuyerekeza mtundu ndi kapepala,
kupukusa mutu, kupukuta fumbi la malasha pachivundikiro.

Nsomba zinabwera pa basi, ziwiri, m'majumbo a mpweya,
zamizere yoyera ngati zavala mabandeji.
Ndi kanthambi kena kotuwa komata pamwala
kamene anati ndi nyama.
Sindinatsutse. Ndinali nditatopa.

Okutobala anafika ndi moto wake.
Ndinachotsa nyama m'filiji kuti mulowe mabotolo a madzi,
fani tinaichotsa kuchipinda kuipatsa nyanja,
ife n'kumagona pakhonde.
Tsiku lililonse madzi ankatsika chala chimodzi.
Ndinatenga amchere kuti ndionjezere,
anandigwira dzanja: thira oyera.
Madzi ndiwo amapita. Mchere suuluka,
umatsala, n'kumawawirawawira.

Izinso sanazimve.

Usiku umene anamugoneka kuchipatala ku Tete
kuti amuchotse madzi m'bondo,
magetsi anazima cha m'ma leveni.
Pampu inati zii.
Ndinagwada ndi tochi ya foni, kabati ili pululu,
kumvera paipi ikumeza, ikumeza,
madzi akukwera kudutsa mzere wakuda,
chala, zala ziwiri, zitatu,
n'kuima pang'ono chabe pansi pa mlomo.
Sanatayike ngakhale dontho.

Ndinatenga jagi ya pulasitiki.
Kutunga pansi, kuthira pamwamba,
kutunga pansi, kuthira pamwamba,
ine pampu, ine mafunde a ku Nacala
amene sindinawaonepo,
mkono ukuyaka, nsomba zikupuma pakona,
mpaka sitima ya mbandakucha inalira kusiteshoni
ndipo nyali ya buluu inaphethira, n'kuyaka.

Kanthambi kaja kanali katatsegula timanja.
Tobiriwira, tambirimbiri, tikugwedezeka
ngati tikuitana munthu wakutali.
Ndinakhala pansi ndi jagi pamiyendo.
Sindinamuimbire foni.

Tsopano alendo amabwera Lamlungu,
amaima pagalasi la pamwamba, amajambula,
Evaristo akuloza ndi ndodo yake, akutchula mayina achilendo.
Akapita, ine ndimatsegula kabati,
kutaya thovu, kuchapa thonje,
kuona ngati mzere wakuda sunafufutike.
Dzulo ndaulembanso ndekha,
ndautsitsa pang'ono.