Fupa Lotsala pa Ukwati

Ukwati wa mwana wa abwana unatha Loweruka usiku.
Lolemba ine ndikutsukabe mafoloko.
M'firiji ya pa loji munatsala ntchafu ya nkhumba yofukiza utsi,
ija alendo a ku Lilongwe ankaitchula hamu,
koma tsopano ndi fupa chabe,
tinyama tili kakaka m'mbali mwake
ngati ana pa chitenje cha mayi wawo kumsika.
"Mukaponyere agalu, Mayi Lekeleni,"
anatero abwana, maso ali pa mabotolo omwe ankawerenga.
Ndinalikulunga m'nyuzipepala.
Agalu a pa loji amadya bwino kale.

Juni wa kuno sacheza ndi munthu.
Faifi koloko isanakwane nkhungu yatsika m'phiri,
yameza mapaini, yameza msewu,
yandiperekeza mpaka pakhomo panga ku Katsekaminga.
Zala zakana kumasula mfundo ya jumbo ya makala.
Ndamasula ndi mano.

Nyemba ndinaviika m'mawa:
kholophethe wa pansi pa thumba,
nanyati wodzaza dzanja limodzi,
zobooka ndi anankafumbwe ndapatsa nkhuku.
M'lichero muli anyezi amene wayamba kuphuka,
akuganiza kuti ali kudimba,
makaroti awiri ofota ngati zala zangazi,
kachewere wa ku Bembeke, mutatu, maso ali tuzu,
ndi tomato wosweka
yemwe mtsikana wa pamsika anandiikira banyira.
Palibe chimene chikanaima chokha pamaso pa mlendo.

Asiyatu a khomo loyandikana abwera kudzapala moto,
m'manja muli kambuzi musanu.
Aona nyuzipepala ija, aseka, abwerera m'mbuyo pang'ono.
Ndikudziwa, anzanga, ndikudziwa.
Zanu ndapatula kale
m'kapoto kabuluu kaja kosadziwa nkhumba,
ndi chipande chake chomwe.
Zipsera pa moto wanu,
anyezi tigawana pakati.

Tsono fupa lilowe m'madzi.
Mchere musathamangire:
fupali labwera ndi wake, wochuluka,
ngati munthu amene waona zambiri.
Thovu loyamba ndiyengula, nditaya.
Kenako palibe ntchito ina koma kudikira,
kukupiza makala ndi chivundikiro,
kumvera poto akung'ung'udza yekha,
bwata, bwata,
nkhani za pa ukwati zomwe ine sindinamve
poti ndinali kuseri, manja m'sopo.

Ola loyamba, madzi ndi madzi basi.
Lachiwiri, nyemba zayamba kung'ambika malaya.
Kachewere wasungunuka osatsanzika,
msuzi walemera, wafiirira,
ndipo utsi uja wa m'fupa
wadzaza nyumba mpaka m'bulangete.
Tinyama tija taleka kukakamira.
Tadzigwera tokha.

Dziwenji wafika usiku, kabaza ali m'manja,
tcheni chaduka pa mtunda wa kuchipatala,
milomo yachita kuuma.
Sanapereke moni. Wangoima pakhomo, mphuno m'mwamba:
"Amayi, kodi mwalandira?"
Ayi mwanangu, mwezi ukadali pakati.
Khala pansi.
Nyika sikono iyi, ya Loweruka,
youma moti ungagobole nayo mtedza.
Mu supu ifewa.

Wadya osayankhula, thukuta pamphumi mu Juni.
Mbale yachiwiri ndiye wayamba kufotokoza za tcheni.
Kuseri kwa khoma tikumva chipande cha Asiyatu
chikukokota kapoto kabuluu,
ndi mwana wawo akutsokomola kambuzi.

Mafuta a m'kati mwa fupa ndatokosa ndi waya wa sipoko,
tagawana awiri, kadontho kadontho.
Zotsala ndavundikira, ndatsendereza ndi mwala:
mawa zidzakoma kuposa lero,
supu ya nyemba imafuna kugona.

M'mawa fupa lili mbee, lopepuka, lopanda mangawa.
Ndaitana Zawekha kuchokera paphulusa pomwe amagona.
Walinyamula mwaulemu, wapita nalo kuseri kwa bafa.

Abwana akafunsa,
ndidzayankha osaphethira:
ndinaponyera galu, bwana,
monga munanenera.